Manda Amene Ndinabwereka

Iwe Lushomo, tabwereza zimene wanena zija. Usayang'ane pansi, ndamva ndi makutu angawa, ngakhale mumanena kuseri kuti agogo anagontha. Wati ana amene munakawaona ndi sukulu ku nyumba ya amasiye aja ali ndi mwayi, aliyense ali ndi bedi lake, amadya mazira, ndiye bola nawenso ukanakhala wamasiye. M'bale wakoyu Tamanda akuseka. Sekani, mano mukadali nawo. Koma mafoni anuwo ikani pansi, ana inu, chifukwa mawu amenewo andilowa mpaka m'mafupa. Ndikuuzani nkhani imene amayi anu sanakuuzenipo, ndipo mukafuna kukawafunsa musakawafunse ali pa chakudya.

Ine amene mukundionayu ndinakhalapo wakufa zaka zinayi. Dzina langa linali pamtanda kumanda, ine ndikugulitsa tomato pamsika wa ku Libuyu.

Tinabwera kuno ku Livingstone kuchokera ku Katete, ine ndi agogo anu aamuna, a Banda. Basi mpaka ku Lusaka, kenako sitima ija imene inkaima paliponse ngati ikupereka moni kwa abale ake. Inu mukakwera basi maola awiri mumayamba kudandaula msana, ife tinafika miyendo itatupa koma tikuseka. A Banda anapeza ntchito ku fakitale ya mabulangete. Tinali ndi nyumba ku Linda, mipando inayi, wailesi, ndi makina anga osokera opalasa ndi mwendo, amene ndinkasokera madiresi a azimayi a kumpingo. Amayi anu, Esnati, anabadwira m'nyumba imeneyo.

Ndiye zinthu zinatembenuka. Salaula, zovala zakale zochokera kunja zija, itadzaza m'misika, mafakitale anayamba kutseka limodzilimodzi, ndipo amuna amene ankadzuka ndi belu la ntchito anayamba kukhala pansi pa mitengo kusewera nsolo. Pamwamba pa zimenezo panabwera matenda aja, tinkangoti kaliwondewonde. Ana inu simudziwa. Malole a maliro ankadutsa m'mawa, masana, madzulo, mpaka tinasiya kufunsa kuti wapita ndani. Chitenje cha kumaliro sichinkauma pachingwe. A Banda anadwala miyezi isanu ndi iwiri, n'kutisiya Esnati ali ndi zaka zinayi.

Abale awo anabwera kudzalira atanyamula masaka opanda kanthu. Ine ndinkati ndi oyala pogona, kupusa kwanga. Titangoika maliro anayamba kulongedza. Mlongo wawo wa a Banda, Tereza, amene analira kwambiri mpaka kugubuduka pamchenga, ndi amene ananyamula makina anga pamutu. Anatenga ndi mbaula yomwe, makala ali momwemo. Mulungu andikhululukire, Tereza uja mpaka lero ndikamutchula malovu amandiwawa.

Ndinasamukira ku Libuyu, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya ba Mutinta, mayi wachitonga amene ankagulitsa tinsomba touma ta kapenta. Ufa tinkagula wa m'timapepala tija tinkatcha pamela, wokwana kudya kamodzi. Ndinayesa bizinesi yowoloka mlatho kukagula sopo ndi mafuta ophikira ku Zimbabwe, koma inafuna mphamvu, kuthamangitsana ndi anyani a pa boda amene ankalanda katundu ngati alembedwa ntchito. Mphamvuzo ine ndinalibe. Ndinali nditayamba kutsokomola, chitenje chikuzungulira kawiri m'chiuno. Aliyense wondiona ankadziwa kuti ndikutsatira mwamuna wanga, ndipo inenso ndinkadziwa choncho. Esnati tsitsi linayamba kufiira, mimba ili tuu, miyendo ngati ya nkhuku.

Ba Mutinta ndi amene anandiuza za nyumba ya ana amasiye imene inamangidwa kunja kwa tauni, kumidzi, ndi thandizo la anthu achifundo a kutsidya la nyanja. Ana ankadya katatu, kugona pabedi, kuphunzira sukulu pomwepo osalipira kanthu. Koma lamulo linali limodzi, ndipo silinkapindika: ankalandira mwana amene bambo ndi mayi onse anamwalira. Wa mayi wamoyo ayi, ngakhale mayiyo akhale mafupa okhaokha. Ba Mutinta anali ndi malume awo, mkulu wa kampingo kena kumudzi, amene akanatha kulemba kalata yoti ine ndinamwalira. Ndinakana masiku awiri. Tsiku lachitatu anandipeza ndikupatsa mwana madzi a shuga kuti agone.

"Ba na Esnati, pepala ni pepala chabe," anatero. "Imwe muzafa ndithu. Manje mufuna mwana afe na imwe?"

Ndinadziuza kuti sindikunama kwenikweni, ndikungofulumizitsa tsiku. Kalatayo inati Alinesi Phiri, amene ndi ine, anamwalira ndipo anaikidwa m'tauni pafupi ndi mwamuna wake. Wobweretsa mwana anafunika kukhala wachibale, ndiye ndinasanduka azakhali ake. Dzina ndinatenga la Tereza Banda. Iye anatenga makina anga, ine ndinatenga dzina lake, ndipo sindinamupepesepo.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi mmene ndinamuphunzitsira mwanayo. Anali ndi zaka zisanu. Ndinamukhazika pansi n'kumuuza kuti kuyambira lero ine ndine ba Anti, amayi ako anamwalira. Anaseka, ankayesa ndi masewera. Akangoti "amayi" ndinkamutsina pantchafu. Akaiwala, kutsina. Akadzuka ndi tulo n'kundiitana, kutsina. Masabata atatu, ana inu, ndi zala izi zimene zimakusendelani malalanje. Pofika tsiku lopita, ntchafu inali ndi madontho akuda, koma pakamwa panali patawongoka.

Musaganize kuti kunali koipa kumeneko. Ayi, anthu aja anali abwino, ndipo ndimawapempherera. Nyumba za njerwa zopaka laimu, mjigo wa madzi pabwalo, dimba la repu, makalasi atatu, ana ambiri ochokera m'midzi ya Atonga ndi Alozi, ena obwera atanyamulidwa pangolo chifukwa cholephera kuyenda. Woyang'anira anali ba Sitali, mayi wachilozi wamtali, magalasi atapachika pachingwe, tonse tinkati ba Matroni. Anawerenga kalata, anandiyang'ana, anayang'ana mwana, n'kumufunsa kuti awa ndi ndani. Esnati anati ni ba Anti. Anamupatsa bedi pafupi ndi zenera.

Achibale ankaloledwa Loweruka loyamba la mwezi. Ndinkayenda wapansi theka la njira kuti ndalama ya basi ndigulire mtedza ndi mabuyu. Mwezi wachitatu ndinapeza tsitsi lada. Mwezi wachisanu ndi chimodzi anali ndi masaya, nsapato zakuda, akuwerenga zilembo pakhoma. Ankalembera makalata mayi wina wa kunja amene ankamulipirira zonse, kujambula maluwa m'mbali mwa pepala. Ndikafika ankagwada bwinobwino, muli bwanji ba Anti, n'kulandira mtedza ndi manja awiri ngati kwa mlendo.

Ndiye imfa ija ndinkaidikira sinabwere. Ku chipatala anandiyeza n'kupeza kuti chinali chifuwa chachikulu chokha, matenda a mwamuna wanga anandilambalala. Ndinamwa mankhwala miyezi yambirimbiri, mapiritsi odzaza dzanja, ndipo thupi linabwerera. Ndinayamba tomato pamsika. Munthu aliyense akanavina, koma ine ndinachita mantha. Ndinali nditachira, koma papepala ndinali m'manda, ndipo mwana wanga ankadya chifukwa cha manda amenewo. Tomato sakanagula yunifomu, nsapato ndi mabuku. Ndinangoti zikhale choncho, aphunzire kaye. Mumtima ndinali nditavomera kuti mwanayo anandiiwala, kuti mwina akukhulupiriradi kuti amayi ake anafa, poti mwana wa zaka zisanu mutu wake ndi dothi lonyowa.

Chaka chachiwiri kunabwera alendo kuchokera kwa opereka thandizo aja. Mmodzi wa iwo, mayi wa tsitsi loyera wokoma mtima kwambiri, anati si bwino ana kukula osadziwa pamene makolo awo agona. Anakonza zoti chaka chilichonse, mvula ikatha, ana azitengedwa pa lole kukalambula manda a makolo awo ndi kuikapo maluwa. Ba Matroni anandiuza Loweruka kuti Lachinayi ndikadikire pachipata cha kumanda, ndikawasonyeze pamene mlamu wanga Alinesi anagona.

Lachitatu m'mawa ndinapita ndekha kumanda, dzuwa la kuno lija lowotcha mchenga mpaka kulowa m'mapatapata. Manda a a Banda ndinawapeza. Mizere inali itachuluka moti ndinasochera kawiri, mitumbira yatsopano mpaka kumpanda. Ambiri analibe mwala, kachitsulo kolemba dzina basi, ndipo tina tinali titagwa kapena kufufutika. Mitumbira itatu kuchokera pa a Banda panali wina womera udzu, wopanda kachitsulo, wopanda ngakhale mbale yosweka. Ndinagwada pamenepo n'kulankhula ndi mwini wake. Ndinati pepani, sindikudziwani, kaya ndinu bambo kaya ndinu mayi, ndibwerekeni malo anu tsiku limodzi pachaka, mwana wanga adye. Kwathu ku Katete munthu wochita zotere akanamuyesa mfiti.

Lachinayi lole inafika ndi ana, aliyense ali ndi khasu laling'ono ndi maluwa a m'chitini. Ndinaloza ndi chala. Esnati analambula pa atate ake mwakachetechete. Atafika pa mtumbira uja anagwada, anazula udzu ndi manja, kenako anayamba kulira. Ana inu, sindinamvepo mwana akulira choncho, ngakhale pa maliro enieni. Anagona chafufumimba pamchenga akuitana amayi, amayi, mpaka mawu anatha. Ine ndinali nditaima kumbuyo kwake, pafupi moti chitenje changa chinkakhudza zidendene zake. Mayi wa tsitsi loyera uja analira nayenso n'kujambula chithunzi. Kenako anandigwira dzanja, n'kunena kudzera mwa ba Matroni kuti ndine azakhali abwino.

Chaka chotsatira anawonjezera chifundo. Kalipentala wa panyumbapo anapanga mitanda yamatabwa ya manda onse opanda chizindikiro. Ndinangofika n'kuona anyamata akukhomera pansi mtanda woyera, zilembo zakuda: Alinesi Phiri. Munthu umamva dzina lako kusukulu, kuchipatala, paukwati, koma kuliwerenga pamtanda uli chiimire, thupi lonse limachita dzanzi. Ndinasanza kuseri kwa mtengo, n'kunamizira dzuwa.

Mtanda umenewo unandivutitsa. Mayi wina amene tinkapemphera naye ku Linda anauona popita kukaika m'bale wake, ndipo anafunsira njira mpaka ku Libuyu atanyamula ufa, kudzapepesa maliro mochedwa. Anandipeza ndikuchapa. Ufa uja unamwazika bwalo lonse, nkhuku za ba Mutinta zinachita Khirisimasi. Ndinamuuza kuti ndi dzina lofanana chabe, a Phiri ndi ochuluka ngati mchenga. Anachoka akuyenda chammbuyo. Mukuseka? Inenso ndinaseka tsiku limenelo, kenako ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Manda ali ndi eni ake, ngakhale amere udzu wotani. Chaka chachinayi, Esnati ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ali Giredi 4 ndipo akukhala nambala wani, uthenga unandipeza pamsika kuti ba Matroni akundifuna lero lomwe. Mu ofesi ndinapeza bambo wina wochepa thupi atakhala pampando, chipewa pabondo, manja oyera ndi simenti. Anali ba Hamoonga. Pa mtumbira uja panagona mkazi wawo. Iwo anali atapita kukadula nzimbe ku Mazabuka kuti alere ana amene anatsala, ndipo patapita zaka anabwera ndi mwala umene anaumba okha, atauika pa wilibala. Anapeza dzina la munthu wina pamutu pa mkazi wawo, kumbuyo kwa mtanda kutalembedwa dzina la nyumba ya anayo. Mtandawo anauzula, unali utatsamira khoma la ofesi, dothi likadali kunsi.

Bambo aja sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangofunsa motsitsa mawu kuti ndani wakhala akulambula pa mkazi wawo, chifukwa anapeza poyera, pali maluwa. Ba Matroni anaitanitsa Esnati. Analowa ndi yunifomu yake, inki pachala, anaona mtanda, anaona ine. Ba Matroni anavala magalasi n'kumufunsa, monga tsiku loyamba lija, kuti awa ndi ndani.

"Ni ba Anti," anatero mwana wanga, maso ali gwa.

Ba Matroni ananditsegulira khomo lothawira, ndipo ndinaona kuti akuchita dala. Anati mizere kumanda kuja ndi yambiri, munthu akhoza kusokoneza, mwina mayi Banda munalakwitsa mtumbira. Ndinati inde, ndinalakwitsa. Ndinagwada kupepesa ba Hamoonga. Ba Matroni anati ndiye mawa tipite ndi mwanayu mukatisonyeze manda enieni, kalipentala akakhomerenso mtandawu, nkhani ithe. Ndinati chabwino, mawa. M'mutu ndinali nditayamba kale kuyenda m'mizere ija, kukumbukira pamene ndinaona mtumbira wina wopanda kachitsulo. Ndi mmene ndinalili, ana inu, sindikubisirani.

Anamulola Esnati kundiperekeza mpaka pachipata. Tinayenda, kudutsa mjigo, kudutsa dimba. Pachipata ndinamuuza kuti abwerere, akhale mwana wabwino. Sanabwerere. Anagwira waya wa mpanda, akuyang'ana kumsewu, n'kulankhula motsitsa kwambiri.

"Amayi, musandifunire manda ena. Ndatopa."

Ndinayang'ana kumbuyo kuti ndione amene akumuitana. Zoona, ndinatembenuka. Zaka zinayi mawu amenewo ndisanawamve akulozera ine. Ndinangoti ukudziwa? Anati ankadziwa masiku onse, sanaiwale ngakhale tsiku limodzi. Anati ankaopa kuti akalakwitsa amuthamangitsa, ndipo ine ndikhala ndi mlandu. Ndinamufunsa kuti nanga kumanda kuja unkalira chiyani chotere, poti unkadziwa kuti mulibe ine.

"Munali kumbuyo kwanga," anatero. "Ndinkamva fungo la sopo wanu. Koma kunali kololedwa kuitana amayi ndikayang'ana pansi pokha."

Ine ndinkati ndapusitsa mwana kuti adye. Koma mwana ndi amene anandisenza zaka zinayi, yekhayekha, pabedi lija la pazenera, wopanda womuuza. Ndinakhala pansi pamchenga pomwepo, mayi wamkulu, miyendo tambalale. Nditadzuka ndinamugwira dzanja n'kubwerera ku ofesi. Ba Hamoonga anali asanachoke. Ndinanena kuti Alinesi Phiri ndine, dzina lili pamtandalo ndi langa, uyu ndi mwana wanga wobala ndekha.

Ba Matroni anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Anati anadziwa tsiku loyamba, chifukwa azakhali sayang'ana mmene mwana akumezera. Anatinso sindinali ndekha, Loweruka lija pabwalo pankakhala azakhali ena amene iwo ankapewa kuwayang'anitsitsa. Koma tsopano ndanena ndi pakamwa panga, pamaso pa mboni, ndipo iwo sangalembe bodza kwa eni thandizo. Bedi linali ndi ana ena olidikira, amasiye enieni, ogona m'makola a mbuzi kumidzi. Sindinawatsutse. Esnati anamulola kutenga nsapato, bulangete ndi mabuku ake awiri. Ba Hamoonga anatiperekeza ndi maso, kenako anati mwanayu azibwerabe kwa mkazi wawo akafuna, poti ndi iye anamusamala.

Mtengo wake tinaulipira, musaganize kuti zinatha ngati nthano. Esnati anakhala chaka chathunthu osapita kusukulu, akundithandiza kuunjika tomato. Kenako ndinamupezera malo ku sukulu ya boma, ana odzaza mpaka pakhomo, ndipo analekezera Giredi 7. Mnzake amene ankalimbirana naye nambala wani kunyumba kuja lero ndi nesi. Amayi anu ankafuna unesi umenewo. Mukamaona akukukalipirani chifukwa cha homuweki mpaka misozi, muzidziwa kumene zimachokera. Ine mpaka lero sindidziwa ngati ndinalakwa tsiku lomupereka kapena tsiku lomutenga. Ndinawafunsapo kamodzi atakula, anangondiyang'ana n'kupitiriza kusita.

Tsiku lomutengalo ndalama ya basi inali ya munthu mmodzi, ndiye tinayenda wapansi mpaka ku Libuyu, bulangete lili pamutu panga, nsapato atazigwira m'manja kuti zisathe. Ine ndinkangoganiza kuti madzulo ano ndimudyetsa chiyani, poti m'nyumba munali tomato wophwanyika ndi mchere. Titayenda pang'ono ndinamva, "Amayi." Ndinati ee. Anati palibe. Tinadutsa mitengo ingapo. "Amayi." Ndinati n'chiyani, waponda minga? Anati ayi, palibe. Anachita choncho njira yonse, pa mlatho waung'ono, pa njanji, pakati pa anthu pamsika, mokweza ndithu kuti aliyense amve. Ndipo ine ndinayankha ulendo uliwonse, mpaka tinafika pakhomo.